Otsata Mapazi a Kachilombo

M'chaka cha 1976, yunivesite ya Harvard inakonza zomanga labotale yatsopano m'nyumba yake yakale ya Biological Laboratories mumzinda wa Cambridge, ku Massachusetts. Asayansi ankafuna malo odulira DNA ya mavayirasi ndi ya nyama n'kumailumikiza mwa bakiteriya wa E. coli, ntchito imene inali isanathe ngakhale zaka zisanu chiyambireni. Pamapepala zonse zinali m'malo mwake: zitseko zolimba, mpweya wolowera mkati mokha, zinyalala zowiritsidwa zisanatuluke. Koma ogwira ntchito m'nyumbayo ankadziwa chinthu chimene mapulani sanajambule. Nyumba yonse inali ndi tinyerere ting'onoting'ono toyenda m'makoma, ndipo zoyesayesa zothana nato zinali zitalephera. Ndiye ena anafunsa kuti: nanga kanyerere kakaponda m'mbale ya mabakiteriya n'kutuluka nawo kumapazi?

Funso limenelo ndimalilemekeza, chifukwa muli luso limene ambiri sadziwa n'komwe kuti ndi luso. M'mayunivesite ndi m'zipatala zochita kafukufuku muli makomiti amene amawerenga pempho la wasayansi asanasamutse gene kuchoka m'chamoyo china kupita m'china, kapena asanayambe kuweta tizilombo toyambitsa matenda. Ku America komiti yotere amaitcha Institutional Biosafety Committee. Mayina a mamembala ake samveka pawailesi, ndipo ntchito yawo ikayenda bwino sipachitika kanthu koti anthu n'kukamba. Komatu chimene amachita n'chovuta. Amatenga mantha, omwe alibe mutu ngakhale mchira, n'kuwaphwanya kukhala mafunso amene munthu angayankhe ndi umboni. Akatero amatsata kachilomboko phazi ndi phazi, kuyambira mufiriji momwe kamasungidwa mpaka kumene kakafere.

Lusoli linabadwa asayansi atachita mantha ndi manja awo omwe. Mu 1971, Janet Mertz, wophunzira wa Paul Berg ku Stanford, anafotokoza ku labotale ya Cold Spring Harbor zoti akufuna kuika DNA ya vayirasi ya SV40 mwa E. coli. Wasayansi wina, Robert Pollack, atamva anaimbira Berg foni. SV40 imayambitsa zotupa m'tinyama tina ta m'labotale, pomwe E. coli kwawo ndi m'matumbo a munthu. Berg anaimitsa ntchitoyo. Mu 1974 iye ndi anzake analemba kalata yopempha asayansi onse kuti ayambe aleka mitundu ina ya kafukufukuyu, ndipo mu February 1975 anthu pafupifupi 140 anakumana ku Asilomar, m'mphepete mwa nyanja ku California. Anatulukako ndi mfundo imene mpaka lero ndi msana wa ntchito yonseyi: mpanda ulingane ndi ukali wa chimene ukutchinga. Anagwirizananso kuti mipanda ikhale iwiri. Woyamba ndi nyumba, zida ndi makhalidwe a ogwira ntchito, ndipo anaugawa magawo anayi, amene pambuyo pake anatchedwa P1 mpaka P4. Wachiwiri ndi womangidwa m'thupi la kachilombo komweko.

Mpanda wachiwiriwu ndi umene umandigometsa. Roy Curtiss wa ku University of Alabama ku Birmingham anatenga E. coli wa mtundu wa K-12, yemwe anali atawetedwa m'malabotale kuyambira 1922, n'kumulumaza mwadala. Bakiteriya amene anatuluka, wotchedwa chi-1776, sankatha kudzimangira khungu popanda diaminopimelic acid, imene wasayansi ankachita kumuthirira m'mbale. Thymidine nayenso ankachita kupatsidwa, ndipo ndulu ya m'matumbo inkamupha. Ofufuza ankadandaula kuti amakula mochedwa ndiponso ndi wovuta kulera. Koma ganizo lake linali lakuthwa: chitseko munthu akhoza kuiwala kutseka, wogwira ntchito akhoza kutopa, koma bakiteriya wolumala saiwala kufa akatuluka panja.

Pa 23 June 1976, tsiku lomwe bungwe la National Institutes of Health linatulutsa malamulo ake oyamba a kafukufukuyu, meya wa Cambridge, Alfred Vellucci, anaitanitsa asayansi ku khonsolo. Kunali kukokanakokana. George Wald, yemwe anali atalandira mphoto ya Nobel, pamodzi ndi Ruth Hubbard ankatsutsa labotaleyo, pomwe Mark Ptashne ankaiikira kumbuyo. Khonsolo inapempha kuti ntchito ya P3 ndi P4 iyambe yaima miyezi 3, ndipo nkhaniyo inaperekedwa kwa nzika 8 za mumzindawo, gulu lotchedwa Cambridge Experimentation Review Board. Wapampando anali Daniel Hayes, meya wakale yemwe ankagulitsa mafuta otenthetsera m'nyumba. Munali sisitere wogwira ntchito m'chipatala, namwino, dokotala wa matenda opatsirana, khansala wakale, mayi wina wodziwika pomenyera zofuna za m'dera lake, Sheldon Krimsky wa ku Tufts, ndi William LeMessurier, injiniya wa nyumba zosanjikizana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ntchito yake inali kudula DNA.

Anthuwa sanathamangire chigamulo. Anayamba ndi kuphunzira. Ankakumana kawiri pamlungu, anamvera umboni kwa maola pafupifupi 75, ndipo anapita kukaona ndi maso awo mmene malabotale amaonekera mkati. Chakumapeto anakonza mtsutso wonga wa kukhoti, ogwirizana ndi kafukufukuyu ndi otsutsa atakhala moyang'anizana, kuti mawu a aliyense ayesedwe ndi mnzake wodziwa bwino nkhaniyo, iwo akumvetsera. Nzeru yawo yaikulu inali kusiyanitsa mafunso. Funso lakuti K-12 angakhale masiku angati m'matumbo a munthu analisiyira asayansi, n'kuwauza kuti abweretse umboni. Koma funso lakuti anthu a mumzinda angalole chiopsezo chachikulu bwanji pafupi ndi nyumba zawo anati ndi lawo, ndipo sanalipereke kwa wina.

Mu January 1977 onse anagwirizana kuti ntchito ya P3 ipitirire, koma anaikapo zofunika kutsata zoposa malamulo a boma. Bakiteriya wogwiritsidwa ntchito pa P3 akhale wolumazidwa, wa mtundu umene unayesedwa n'kuvomerezedwa. Ofufuza aziona ngati mabakiteriya awo sanasakanikirane ndi ena, ndiponso ngati amene apangidwa kumene sakupirira mankhwala amene madokotala amachizira odwala. Pakhale buku la kagwiridwe ka ntchito ndi maphunziro a aliyense wolowa m'chipindacho. M'komiti ya yunivesite mukhale woimira ogwira ntchito zamanja m'labotale, komanso munthu wa m'dera wosadya malipiro a yunivesiteyo. Khonsolo inasandutsa zimenezi lamulo mu February 1977, loyamba la mtundu wake m'dziko la America, ndipo mu 1978 bungwe la National Institutes of Health nalo linalamula kuti m'makomiti onse mukhale anthu a m'dera. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Malamulowa sanathamangitse asayansi: kampani ya Biogen inatsegula malo ake ku Cambridge mu 1982, ndipo lero dera la Kendall Square ladzaza ndi makampani a ntchito imeneyi.

Masiku ano lamulo la ku America limati komiti ikhale ndi anthu osachepera 5, ndipo awiri mwa iwo asakhale a pamalopo. Pempho likafika, wowerenga amayamba ndi gulu la kachilomboko. Magulu alipo anayi: loyamba ndi la tizilombo tosadwalitsa munthu wamkulu wathanzi, monga K-12, lachiwiri muli Salmonella ndi vayirasi ya hepatitis B, lachitatu muli HIV ndi bakiteriya wa chifuwa chachikulu, lachinayi muli Ebola ndi Marburg. Wongoyamba kumene amathera pomwepo, n'kuganiza kuti gulu lachitatu ndiye chipinda chachitatu basi. Wozama amadziwa kuti gulu ndi poyambira chabe, pakuti chiopsezo chimabisala m'zochita za manja. Kupaka makhololo pagalasi n'kuwaona pa maikulosikopu ndi ntchito ina, kuweta mabakiteriya a chifuwa chachikulu m'mabotolo mpaka achuluke miyandamiyanda ndi inanso, ngakhale dzina la kachilombo ndi limodzi.

Choncho amawerenga ndondomeko ya kafukufuku ngati akuyenda nayo. Botolo likachoka mufiriji likudutsa khonde liti, ndipo lili m'chiyani? Madzi ake ndi ochuluka bwanji, pakuti akapitirira malita 10 malamulo amasintha? Ndi poti pamene akhuthulidwe, akhutchumulidwe kapena kuzunguzidwa m'makina a centrifuge, pomwe timadontho tosaoneka timauluka? Kabati yogwiriramo ntchito, yomwe sefa yake ya HEPA imagwira 99.97 pa 100 ya tinthu ta mayikulomita 0.3, inayesedwa liti, popeza iyenera kuyesedwa chaka ndi chaka? Kodi mpweya pachitseko ukulowadi mkati? Zinyalala zikalowa mu autoclave pa madigiri 121, ndani akutsimikiza kuti nthunzi yafika pakati penipeni pa thumba? Yankho labwino pamenepa limakhala kabotolo ka njere za bakiteriya wopirira kutentha wotchedwa Geobacillus stearothermophilus, kamene amakakwirira m'kati mwa zinyalala. Njerezo zikafa ndiye kuti zina zonse zafa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wowerenga wabwino amabwerera pamzere umodzi kangapo mpaka ataona dzanja la munthu likugwira ntchitoyo.

Luso limeneli limaonekera bwino pa pempho limene makomiti amalandira kawirikawiri masiku ano. Wofufuza akufuna kulowetsa gene m'maselo a munthu a m'mbale, kenako n'kubaya mbewa, ndipo chonyamulira chake ndi lentivirus yopangidwa kuchokera ku HIV. Wina akangomva dzinalo mtima umamudumpha. Wina wozolowera amati n'zamasiku onse. Wowerenga waluso amaitanitsa mapu a chonyamuliracho. HIV ili ndi ma gene 9. Mu m'badwo wachitatu wa zonyamulira izi, umene unafotokozedwa mu 1998, mwatsala atatu okha, gag, pol ndi rev, ndipo malangizo opangira vayirasiyo amagawidwa pa timphete tinayi tosiyana ta DNA totchedwa ma plasmid. Zili ngati njinga imene felemu yake ili nyumba ina, matayala nyumba ina, tcheni nyumba inanso: kuti iyende, zidutswa zonse zichite kukumana n'kulumikizana molondola. Vayirasi yotuluka pamenepa imalowa m'selo kamodzi, n'kutula katundu, osatha kuberekana. Ndiye funso loyamba limakhala lakuti ndi m'badwo uti, ma plasmid angati, ndipo kodi pali njira yoyezera ngati mwabadwa ina yotha kuberekana.

Funso lachiwiri ndi la chovala. HIV yeniyeni imalowa makamaka m'maselo okhala ndi puloteni ya CD4, koma chonyamulirachi amachiveka puloteni yotchedwa VSV-G, yochokera ku vayirasi yogwira ng'ombe, akavalo ndi nkhumba. Chovalachi chimachilimbitsa moti chikhoza kuunjikidwa chochuluka m'kadontho kamodzi, ndiponso chimachilola kulowa pafupifupi m'selo lililonse. Apa m'pamene wowerenga amaima. Chinthu chimene chafooketsedwa mbali imodzi chapatsidwa mphamvu mbali ina: kadontho kakagwera m'diso, kapena singano ikalasa chala, katunduyo akhoza kulumikizika mu DNA ya wogwira ntchito mpaka kalekale. N'chifukwa chake funso lachitatu, la katundu, ndilo limagamula. Ngati ndi gene ya kanyama ka m'nyanja kotchedwa jellyfish, yongowalitsa maselo mobiriwira, nkhawa ndi yochepa. Ngati ndi MYC kapena RAS, zomwe zimasonkhezera khansa, kapena chinthu chozimitsa p53, yomwe imateteza selo ku khansa, chigamulo chimasintha ngakhale chonyamulira, chipinda ndi munthu zili zomwezo. Komiti imanena kuti magalasi alowedwe m'malo ndi mapulasitiki, singano zichotsedwe paliponse pamene zingatheke, zotengera za centrifuge zitsegulidwe m'kabati mokha, ndipo mbewa zisungidwe padera masiku oyambirira. Ikamva kuti mbewazo zinaikidwa maselo a munthu, imafunsanso mwatsopano, chifukwa m'maselo otero vayirasi yoberekana ikhoza kupeza pokhala.

Kusamala za katunduku kuli ndi mbiri yake. Ku Canberra, Ronald Jackson ndi Ian Ramshaw ankafuna njira yolepheretsa mbewa zowononga mbewu kuberekana. Anatenga vayirasi ya mousepox, m'bale wake wa nthomba, n'kuonjezamo gene ya IL-4, puloteni imene thupi la mbewa limapanga lokha, poganiza kuti ilimbikitsa chitetezo cha m'thupi kuchita zimene ankafuna. Zotsatira zake, zimene anazisindikiza mu 2001, zinali zina: vayirasiyo inapha mbewa za mtundu umene kale sunkafa nayo, ngakhalenso zina zimene zinali zitalandira katemera. Chidutswa chilichonse pachokha chinali chodziwika ndi chosaopsa kwenikweni. Choopsa chinabadwira pokumana pake. Wowerenga amene amadziwa nkhaniyi safunsa za katundu payekha kapena chonyamulira pachokha, amafunsa zimene zingachitike ziwirizi zikaphatikizana.

Pali mawu enanso amene komiti yabwino siwameza msanga, akuti tizilomboti tafa kale. Mu June 2014, ku Centers for Disease Control and Prevention ku Atlanta, mabakiteriya a anthrax amene ankaganiziridwa kuti aphedwa anasamutsidwa kuchoka m'labotale yotetezedwa kwambiri kupita m'zipinda zocheperapo chitetezo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti njira yowaphera inali yosatsimikizika. Palibe anadwala, koma ogwira ntchito ambiri anapatsidwa mankhwala. Ngati zinachitika pamalo a akatswiri otero, zikhoza kuchitika paliponse. Ndiye wowerenga amafunsa kuti: mwawapha ndi chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo mutabzala otsalawo m'mbale munadikira masiku angati musananene kuti sipanamere kanthu?

Gene ikamalowa m'thupi la wodwala, ntchito imagawidwa. Komiti ina imayang'ana ufulu ndi ubwino wa wodwalayo, ngati wamvetsa ndi kuvomera. Bungwe la Food and Drug Administration limayang'ana mankhwalawo. Komiti ya chitetezo imayang'ana chonyamulira, ndi onse amene chingawakhudze: wosakaniza mankhwala, namwino, wokolopa, abale kunyumba. Mbiri yaphunzitsa onsewa kudzichepetsa. Chithandizo choyamba chovomerezeka cha ma gene chinaperekedwa mu September 1990 kwa mtsikana wa zaka 4 wobadwa ndi vuto la chitetezo cha m'thupi. Pa 17 September 1999, Jesse Gelsinger, mnyamata wa zaka 18, anamwalira ku University of Pennsylvania thupi lake litalimbana mopitirira ndi adenovirus imene anamulowetsa kuchiwindi. Ku Paris ndi ku London, ana obadwa opanda chitetezo anachira, koma angapo anadwala khansa ya m'magazi chifukwa chonyamulira chinatera pafupi ndi gene yosonkhezera khansa. Zowawa zimenezi zinachititsa ofufuza kutembenukira ku zonyamulira zodzizimitsa zokha, zimene lero zimagwiritsidwa ntchito pokonza maselo olimbana ndi khansa. Kuyambira 2019 komiti yaikulu ya National Institutes of Health inasiya kuunika kafukufuku wotere mmodzimmodzi, choncho mtolo wolemerapo unatsalira makomiti a pamalo.

Ndipo iwo amatsika nawo mpaka pansi. Zolgensma, mankhwala a ana obadwa ndi matenda ofooketsa minofu amene anavomerezedwa mu 2019, amanyamulidwa ndi vayirasi ya AAV9, ndipo ina imatuluka m'chimbudzi cha mwana. Malangizo ake amati kwa mwezi umodzi matewera azimangidwa m'thumba asanatayidwe ndipo osamalira mwana azisamba m'manja bwinobwino. Chipatala chikamakonzekera chithandizo chotere, pamafunika munthu wofunsa kuti ndani afotokozere mayi zimenezi, m'chinenero chiti, ndipo kodi wokolopa wa usiku wauzidwa choti achite botolo likasweka. Sayansi yozama kwambiri ya m'badwo uno imathera pa thewera, ndipo komiti imene imafika pamenepo ndiyo yatsata njira yonse.

Ku Malawi kuno nkhaniyi si yachilendo. Dziko lili ndi lamulo la Biosafety Act la 2002, ndipo thonje losinthidwa ma gene la Bt linayamba layesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda kuyambira 2013 lisanaloledwe kwa alimi mu 2019. Mafunso a m'munda wotere ndi a mtundu womwewu: mungu ungafike pati, mbewu zikuwerengedwa ndi ndani, zotsala zikuthera kuti. Nawo ogwira ntchito m'malabotale athu oweta bakiteriya wa chifuwa chachikulu amadalira sefa, mpweya ndi nthunzi zomwezo, ndipo moyo wawo umatsamira pa munthu amene anafunsa funso loyenera ntchito isanayambe.

Kukana n'kosavuta, pakuti wokana sadzafunsidwa mlandu, ngakhale odwala amene akanachira amatsala ndi matenda awo. Kuvomera kopanda mafunso nakonso n'kosavuta, ndipo kumasangalatsa pulofesa wotchuka amene wabweretsa ndalama. Chovuta ndi yankho lachitatu, lakuti inde, koma motere, pakuti limafuna kuti wowerenga amvetse cholinga cha kafukufuku mokwanira mpaka kupeza njira ina yofikira komweko: mtundu wofooka wa kachilombo m'malo mwa waukali, madzi ochepa m'malo mwa ambiri, pulasitiki m'malo mwa galasi. Komiti yotere wasayansi amasiya kuiona ngati chotchinga, amayamba kuifunsa nzeru pempho lisanalembedwe. Malamulo amati ngozi zikuluzikulu zinenedwe ku National Institutes of Health pasanathe masiku 30, koma palibe lamulo lingakakamize wophunzira amene wadzilasa singano Lachisanu madzulo, ali yekha, kuti aulule. Amaulula ngati akudziwa kuti nambala ya foni ili pakhoma, mankhwala akonzedwa kale, ndipo amene amufunse mafunso adzafuna kudziwa chimene chalakwika m'ndondomeko, osati woti amulange. Komiti imene anthu amaiuza zoona ndiyo imaphunzira, ndipo pempho lotsatira imaliwerenga ndi diso lakuthwa kuposa kale.